A Justus ndi Jenereta Yopanda Kwawo

Ku Chinamwali kuno opereka moni ndi ambiri. Ena amakupatsa moni kawiri m'mawa umodzi, ndipo ukaona choncho dziwa kuti akufuna kubwereka wilibala. Koma wopereka moni kwa jenereta analipo mmodzi yekha, ndipo tinakamuika chaka chatha mvula itangoyamba. Ndikunena a Justus Namaona, amuna awo a mayi Sellina, a kumtunda kuja mukadutsa pamene amayi amaswa miyala.

M'mawa uliwonse, asanasukusule, asanafunse n'komwe akazi awo ngati agona bwino, a Justus ankatuluka m'nyumba, n'kukaima njo kutsogolo kwa chisakasa chawo, chifuwa patsogolo ngati tambala, n'kuchita sawatcha.

"Mwadzuka bwanji a Kopolo?"

Akatero ankapendeketsa mutu, khutu kuloza kuchisakasa, n'kudikira. Kudikira kwenikweni, anzanga, kwa munthu woyembekeza yankho. Pakapita kanthawi ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Palibe kanthu. Mudzanena tsiku lina." Ndiye n'kupita kukasukusula.

A Kopolowo anali jenereta. Osati tijenereta ta masiku ano tolira ngati udzudzu kuseri kwa ometa tsitsi ayi. Chinali chijenereta cha dizilo cha asilikali, chachikulu ngati ng'ombe yogona, cha penti yobiriwira yosuwa, chokhala pa mateyala awiri amene anaphwa ife tisanamere mano. Pambali pake panali kachitsulo kolembapo dzina la makina ndi dziko lochokera, koma dzimbiri linadya zonse n'kusiya manambala awiri atatu, otalikirana ngati mano a nkhalamba. Pa zaka zonse zimene anakhala pakhomopo, a Kopolo sanayatsepo ngakhale kababu kamodzi. Magetsi akazima, nyumba ya jeneretayo ndi imene inkayamba kupempha machesi.

Kubwera kwake kunali motere. A Justus anagwira ntchito nthawi yaitali kukampu ya asilikali. Mfuti sanaigwirepo. Zida zawo zinali chikwakwa chotchetchera kapinga ndi burashi yopakira laimu miyala ya m'mbali mwa msewu. Atapuma pantchito, mayi Sellina anawatuma kutauni kukagula malata, poti denga linkadontha mpaka mphaka anasamukira kwa aneba. Tsoka ilo, tsiku lomwelo kunali malonda a zinthu zakutha za asilikali. Dzuwa litapendeka anthu anamva nyimbo mumsewu. Kusuzumira, anyamata aganyu akukankha chinthu chobiriwira pamtunda paja, a Justus ali patsogolo akukupiza chipewa ngati akuperekeza mkwatibwi.

Mayi Sellina anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Luntha, malata aja ndi amenewa?"

"Tsitsani mawu, mayi a Luntha. Mlendo akumva."

"Mlendo wake uti?"

"Amati akawaphwanye apange makasu. Munthu woti anamenya nkhondo!"

"Nkhondo iti?"

"Eya. Zimenezo ndi zimene ndikufuna kufufuza."

Malata anabwera ndithu patapita miyezi, ndisawanamizire malemu. Kungoti anakafoleredwa pa chisakasa cha a Kopolo.

Koma musaganize kuti chimene chinkawadya mtima mayi Sellina chinali denga. Denga ankatchera beseni. Nkhani inali yoti a Justus analibe kwawo. Mayi Sellina kwawo kunali kodziwika, ku Jali, ndi amalume awo, azakhali awo, ndi manda a makolo oti ukhoza kuloza ndi chala. A Justus ukawafunsa ankangoti, "Kuseri kwa Mulanje," n'kuyamba nkhani ina. Pa ukwati wawo, abale a mkazi atafunsa nkhoswe, iwo anabweretsa mnzawo wotchetcha naye kapinga, a Henderson, atawabwerekera jekete. Nkhoswe yobwereka, jekete yobwereka. Anthu anaseka, ukwati unayenda.

Mayi Sellina ankadziwa kuti lilipo tsiku lina limene kubwereka sikuthandiza. Pamaliro kuno, bokosi lisananyamuke, woyendetsa mwambo amaitana wa kubanja kwa malemu kuti aime anene mbiri: anabadwira kuti, mwana wa yani, mfumu yake ndani. Iwo anaonapo kamodzi maliro a mlonda wina wa kumsika, pamene anaitana wachibale osaimirira munthu. Anthu anangoyang'anana, mpaka mayi wina anayambitsa nyimbo kuti aphimbe manyazi. Kuti zii kumeneko kunawakhala m'makutu moyo wawo wonse.

"Bambo a Luntha," ankatero, "nsapato mukuthera chitsulochi, bwanji osakathera ku Milanje, kutsidya ku Mozambique, mukafunse abale anu? Tsiku lanu likadzafika tidzati munachokera kuti?"

"Mudzati ndinachokera kumsika. Ndi kumene ndimachokera kawirikawiri."

"Mukuseka. Ine ndi amene ndidzakhale m'nyumba ya siwa ndikumva anthu akuyang'anana."

A Justus akamva zimenezi ankatenga kansanza n'kupita kukapukuta a Kopolo.

Chaka china magetsi anavuta kwambiri, kuzima m'mawa kubwera anthu atagona. Tony, makaniko wa pamsewu waukulu, anakwera mtunda uja ndi masipanala ake.

"Madala, injini zakalezi sizifa. Mundipatse sabata imodzi, ndiitsuke, tithire dizilo, tipukuse. Muzitchajitsa mafoni, mayi agule firiji azigulitsa mafirizesi."

Mayi Sellina anali atayamba kale kumukonzera mpando mwana wa eni ake. A Justus anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tony, kwanu kukabwera mlendo mumayamba mwamupatsa khasu?"

"Ayi, madala."

"Mumayamba ndi chiyani?"

"Malonje."

"Basi. A Kopolo sanapereke malonje. Sitikudziwa kumene achokera, zimene aona m'njira, amene awasiya kumudzi. Iwe ukuti tiwapukuse azitchaja foni ya atsikana ako?"

Tony anatsika mtunda masipanala akulira m'thumba. Mayi Sellina sanalankhule ndi amuna awo mpaka Lamlungu, ndipo Lamlungulo anangowauza kuti kolala yapindika.

Poti a Kopolo sankapereka okha malonje, a Justus anayamba kuwafunira kwa ena. Anayambira kwa nkhalamba zimene zinamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zija zinkakhala kufupi ndi chipilala cha asilikali, masiku amenewo zikadalipo. Kumeneko anapeza Che Mahmud, munthu wa mamendulo pachifuwa, wogontha khutu limodzi, linalo lomva za tiyi zokha. Anawakweza pa njinga mpaka ku Chinamwali. Che Mahmud anazungulira a Kopolo ndi ndodo yawo, kugogoda apa, kugogoda apo, kenako anawerama n'kununkhiza.

"Bama!" anakuwa. "Iyi ndi ya ku Bama. Ikununkha mvula ya kumeneko. Inkatiunikira pachipatala cha matenti, madokotala akusoka anthu."

A Justus misozi inalengeza. Anathamangira m'nyumba. "Mayi a Luntha, tiyi wamkaka! Ndi sikono!"

Sabata yotsatira Che Mahmud anabwera okha, osaitanidwa. Ananunkhizanso.

"Ndinalakwitsa. Ndi ya ku Abisiniya. Ikununkha fumbi."

Tiyi wina. Sabata inayo inali ya ku Kenya. Kapu iliyonse inkabala dziko lake, moti mayi Sellina anawauza amuna awo kuti, "Shuga akatsika mtengo, a Kopolo anuwa afika ku Amereka." Koma Che Mahmud atamwalira, a Justus anayenda wapansi mpaka kumanda, ndipo pobwera anakhala m'chisakasa mpaka dzuwa kulowa. Mayi Sellina powapititsira madzi anawamva akunena chapansipansi: "Wokudziwani uja wapita. Kaya ankanama, koma ankakudziwani."

A Justus anapitanso kunyumba ya boma yosungira mapepala akale, atavala tayi. Mayi wa pakauntala anawalandira bwino.

"Tikuthandizeni chiyani, bambo?"

"Ndikufuna za a Kopolo."

"Kopolo ndani? Dzina lonse?"

"Mayi, dzina lonselo ndi limene ndadzera."

Anthu aja anali oleza mtima. Anawakhazika pansi, n'kumawatulutsira zithunzi zakale za asilikali, a Justus akuyetsemula ndi fumbi. Pa chithunzi china panali asilikali ataima pamzere, ndipo kumbuyo kwawo kunali chinthu chofunditsidwa lona. A Justus analumpha mpaka mpando kugwa.

"Ndi iwowa!"

"Bambo, chimenecho chafunditsidwa. Ikhoza kukhala milu ya matumba."

"Ndawazindikira mapewa!"

Anabwera kunyumba akuvina. Mayi Sellina anafunsa kuti chithunzicho chinajambulidwa kuti. A Justus anasiya kuvina. Kumbuyo kwake sikunalembedwe kanthu.

Ndiye panali Idrissa, wogula zitsulo zakutha, uja amayenda ndi sikelo pa njinga akukuwa m'makwalala. Iyeyu a Kopolo ankawayang'ana ngati mmene fisi amayang'anira mbuzi ya m'khola. Sabata iliyonse ankaima pampanda.

"Che Justus, odwala aja ali bwanji? Sanatsirizikebe?"

"Adzakuika ndi iwowa, iwe."

"Ndipatseni teyala limodzi lokha, ndikalawe."

"Ukayambe wagulitsa mwendo wa amalume ako."

Mayi Sellina nthawi zina ankamutsinzinira diso Idrissa kuseri, kuti asataye mtima.

Pa zonse zimene anatola m'maulendo awo, a Justus anapanga mbiri ya a Kopolo. Sanailembe paliponse. Ankainena pakamwa, mawu omwewomwewo, kwa aliyense wowapatsa khutu: pamzere wa kuchigayo, m'minibasi, ngakhale kwa a dikoni obwera kudzayendera Akhristu. Ana a m'dera lathu anailoweza kuposa mavesi a Sande sukulu. Inkayenda chonchi:

"A Kopolo anabwera pa lole. Amene anawakweza sadziwika. Kwawo sikudziwika, koma kulipo, pakuti palibe chimene chimagwa kumwamba kupatula mvula. Dzina limene ali nalo ndi lopatsidwa m'njira. Anagwira ntchito kwa asilikali osalandira mendulo. Atakalamba anawaika panja. Kenako anapeza pokhala kwa mayi wina wa ku Jali, wolalata, koma sanawathamangitse."

Akafika pa mayi wa ku Jali anthu ankafa nazo kuseka, mayi Sellina n'kuponya chikho. Ankaponya mophonya dala. Zikho zinali zochepa.

Ulendo womaliza unali wa kuphiri. Wina wocheka matabwa anawauza kuti pamwamba pa phiri la Zomba, mkati mwa mitengo ya paini, pali chisimenti chakale chokhala ndi mabawuti anayi, pamene azungu ankaikapo makina a magetsi nthawi ya nkhondo. A Justus sanagone tulo. Anatenga chingwe, n'kuyeza mabowo a kumiyendo ya a Kopolo, n'kumanga mfundo pa bowo lililonse. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kutsokomola, miyendo ikutupa.

"Simupita," anatero mayi Sellina.

"Ndipita."

"Mukakagwera kuphompho ndidzauza anthu chiyani?"

"Kuti ndinachokera kumwamba."

Mayi Sellina anamanga nsalu m'chiuno, kuika mbatata yootcha m'kathumba, n'kutsogola okha. Anakwera njira yachidule ija ya anthu a nkhuni, akulalata phiri lonse. Amayi otsika ndi mitolo pamutu ankapatuka, ena n'kufunsa ngati kumwambako kwagwa zovuta. A Justus ankapuma pa mwala uliwonse, chingwe chili m'khosi ngati mendulo.

Chisimenticho anachipeza dzuwa lili pamutu, chitamera ndere, mabawuti anayi ali njo. A Justus anagwada. Mfundo yoyamba inakhala pa bawuti. Yachiwiri inakhala. Yachitatu inakhala. Mayi Sellina, amene sanakhulupirirepo za a Kopolo, anazindikira kuti agwira pakamwa. Yachinayi inapelewera. Pang'ono pokha, ngati kutalika kwa chala. A Justus anakoka chingwe, kuchinyowetsa ndi malovu, kukokanso. Chinakana.

Anakhala pansi, pa simenti pomwepo. Nkhungu inayamba kulowa m'mitengo, tauni yonse kumunsi n'kubisika. Mayi Sellina anayembekeza nthabwala, poti bamboyu ngakhale pa maliro ankasowa pobisa mano. Nthabwala sinabwere. Anasenda mbatata n'kuwapatsa. Sanalandire.

"Bambo a Luntha, chingwe chimafupika chikazizidwa. Mwina ndi pomwepa."

"Si pano." A Justus anayang'ana chingwe chija. "Mayi a Luntha, mumati ndipite ku Milanje. Ndikafunse ndani? Ndikati ndikufuna mayi wa nsalu yofiira?"

"Mayi wake uti?"

"Amene anandikweza pa lole. Sanali mayi anga, zimenezo ndikudziwa, chifukwa ndinkalira kufuna kutsika. Kumbuyo kunkamveka mfuti. Anandikhazika pa chigubu cha dizilo, n'kundigwira mwendo kuti ndisagwe. Titawoloka malire anatsika pena pake, ine anandisiya ndi anthu a pa esiteti ya tiyi. La Justus anandipatsa ndi kapitawo. La Namaona ndi la bambo amene ankandigawira chakudya. Mudzi sindiukumbuka, nkhope ya mayi anga sindiikumbuka. Chimene ndimakumbuka ndi fungo la dizilo basi."

Mayi Sellina anakhala nawo m'banja mpaka kumera imvi, koma izi anali asanazimvepo.

"Tsiku la malonda lija ndinangodutsa pafupi, fungo lija n'kundigwira. Ndinati, awanso anawakweza osawafunsa." Anapinda chingwe bwinobwino n'kuika m'thumba. "A Kopolo ali ndi mwayi. Ali ndi manambala atatu. Ine ndilibe ngakhale imodzi."

Potsika, mayi Sellina sanalalate. A Justus anadandaula kuti phiri latalika chifukwa wailesi yazima.

Chifuwa chija sichinawasiye. Mvula ili pafupi anawagoneka kuchipatala. Luntha, mwana wawo wamkazi, anabwera kuchokera ku Lilongwe kumene amagwira ntchito. Tsiku lomaliza a Justus anatsegula maso n'kuyang'ana akazi awo.

"A Kopolo mwawapatsa moni?"

"Ine sindinapenge, bambo a Luntha."

Ananena mofatsa, akuwakonzera bulangete. A Justus anaseka, kuseka kwa munthu wopanda mpweya, n'kutseka maso. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Mayi Sellina mpaka lero amati akanadziwa akanangonama.

Tsiku la maliro anthu anadzaza bwalo mpaka kumiyala. A kabaza, amayi a kuchigayo, a mvano ndi yunifolomu zawo, asilikali opuma angapo, Tony, ngakhale Idrissa, atasiya sikelo kunyumba. Abale a mayi Sellina anabwera lole yathunthu kuchokera ku Jali. Mbali ya mwamuna panali mpando umodzi, ndipo anakhalapo a Henderson, nkhoswe yobwereka ija, atakalamba, ndodo pakati pa miyendo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mitambo.

Mwambo usanayambe a Henderson anakwawira pakhomo la nyumba ya siwa, pamene mayi Sellina anakhala pamphasa pakati pa amayi.

"Alamu, andiuza kuti mbiri ndinene ndine. Ndikanena chiyani? Ine munthuyu ndinakumana naye pa kapinga. Ndipeke mudzi? Nditchule mfumu ina iliyonse ya ku Mozambique, ndani akafufuze?"

Mayi Sellina anali ataganiza zomwezo usiku wonse. Mudzi wopeka ukanaphimba manyazi. Koma munthu amene anakana chisimenti chifukwa cha chala chimodzi, ungamuike m'manda ndi mudzi wabodza?

"Musapeke, alamu. Mukanene mbiri ya a Kopolo."

"Alamu! Pamaliro? Anthu akaseka."

"Asiyeni akaseke. Mukanene mmene ankanenera eni ake, osachotsa, osawonjezera."

"Ndi za mayi wa ku Jali zomwe?"

"Makamaka zimenezo."

Nyimbo zinatha. Woyendetsa mwambo anaima. "Tsopano tipemphe wa kubanja kwa malemu atipatse mbiri."

Kunja kunati zii. Kuti zii komwe kuja kwa mlonda wa kumsika. Mayi Sellina m'nyumba anatseka maso. Kenako anamva ndodo ikugogoda pansi, ndi kukhosomola kwa a Henderson.

"Mafumu, abusa, anamfedwa nonse. Ine si m'bale wa malemu. Anandibwereka pa ukwati, ndipo sanandibweze. M'bale wawo weniweni alipo mmodzi, ali m'chisakasa umo, koma salankhula. Ndiye ndinena mbiri imene malemu anatisiyira." Anatsamira ndodo yawo. "Anabwera pa lole."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzigwira pakamwa. Ena anatsatira. Amalume a ku Jali anakwinya nkhope.

"Amene anawakweza sadziwika."

Ana amene anakhala pamwamba pa miyala anayamba kunong'ona nawo, poti ankaidziwa. Amayi a kuchigayo nawonso milomo inkayenda.

"Kwawo sikudziwika, koma kulipo, pakuti palibe chimene chimagwa kumwamba kupatula mvula. Dzina limene ali nalo ndi lopatsidwa m'njira."

Apa kuseka kunayamba kuchepa. A Henderson eni ake anaima, n'kuyang'ana bokosi, ngati munthu amene waponda chinthu mumdima n'kuzindikira kuti ndi chamoyo. Kenako anapitiriza.

"Anagwira ntchito kwa asilikali osalandira mendulo. Atakalamba anawaika panja."

Msilikali wina wopuma anavula chipewa. Tony anaweramitsa mutu pakati pa mawondo. Anthu onsewa anaimva mbiri imeneyi kambirimbiri, pachigayo, m'minibasi, akuseka, ena akuthawa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti mwini nkhaniyo ndani.

"Kenako anapeza pokhala kwa mayi wina wa ku Jali..."

A Henderson sanathe. Anayesa kawiri, mawu anakana. Ndiye bwalo lonse, a kabaza, a mvano, ana a pamiyala, ngakhale amalume okwinya nkhope aja, linamaliza lokha, chapansipansi ngati pemphero:

"...wolalata, koma sanawathamangitse."

M'nyumba ya siwa, mayi Sellina, amene chiyambire kuchipatala anali asanagwetse msozi, analira mpaka amayi anawagwira. Koma amene anakhala nawo pafupi amati pakati pa kulirako ankanena kuti, "Aimirira. Wina waimirira."

Mwezi utatha, Idrissa anaima pampanda. Sanakuwe. Anavula kapu yake, n'kuyamba kupotokola m'manja.

"Mayi, pepani. Sindikufulumira ayi. Kungoti munkanditsinzinira diso masiku aja. Ndiye ndimati, mukafuna malo m'chisakasamo..."

"Idrissa, kwanu mwamuna akamwalira mumagulitsa alamu anu pa sikelo?"

Idrissa anavala kapu n'kukwera njinga. Masiku ano akafika pamtunda paja amatsika n'kuyenda chete, amakayambira kukuwa kutsogolo.

Luntha anawapempha kuti asamukire ku Lilongwe. Abale anati abwerere ku Jali. Onse anayankhidwa chimodzimodzi, kuti pakhomo pali mlendo woti sangasiyidwe yekha. Denga lija Luntha anafolera latsopano, ndipo mayi Sellina amadandaula kuti mvula ikamagwa m'nyumba mumakhala chete kwambiri.

Chinamwali ikadali Chinamwali. Miyala ikuswedwa, a kabaza akukangana, magetsi akuzima. Koma pamzere wa kuchigayo tsopano timangoima ngati ng'ombe za kudibi, palibe wotigwira malaya kuti timve za Bama ndi Abisiniya. M'minibasi munthu umafika kutauni osaseka, osakwiya. Tinkawathawa a Justus, anzanga, tinkawoloka msewu tikawaona. Lero ukamadutsa pamtunda paja umachepetsa liwiro wekha, kuyembekeza kuti wina akuitana.

Ndipo mukadutsa m'mamawa kwambiri, nkhungu isanachoke paphiri, mudzaona mayi wachikulire atafunda nsalu, ataima kutsogolo kwa chisakasa. Sawatcha sachita, amati zimenezo ndi za amisala. Amayamba ayang'ana uku ndi uku ngati pali wowaona.

"Mwadzuka bwanji a Kopolo?"

Akatero amapendeketsa mutu, n'kudikira. Amadikira nthawi yaitali kuposa mmene ankadikirira eni ake.